Kuumitsa madzi a m'magazi kuti akhale ufa: pomwe tafika

Febuluwale

Gulu lathu ndi la anthu atatu: a pulofesa amene akuyang'anira ntchito, mnzanga wina amene anagwirapo kufakitale ya mkaka wa ufa ndipo makina oumitsira amawadziwa bwino, ndi ine wa zoyezayeza magazi. Tili pa labotale ina ya yunivesite kuno ku Durban. Funso lathu ndi limodzi. Kodi plasma, madzi achikasu aja amene amatsala mukachotsa maselo m'magazi, tingamupopere mumpweya wotentha n'kukhala ufa, kenako n'kumusungunulanso ndi madzi, iye n'kugwirabe ntchito yake yoletsa magazi kutuluka? Ndineneretu kuti ufa wathu sulowa mumtsempha wa munthu. Tikugwiritsa ntchito plasma amene sanayenere kuikidwa wodwala ndipo anaperekedwa kuti achitire kafukufuku, komiti yoteteza anthu pa kafukufuku itavomereza.

Munthu akavulala pangozi yapamsewu, kapena mayi akamataya magazi atangochira, sataya maselo ofiira okha. Amatayanso mapuloteni amene amachititsa magazi kuundana pabala. Mukamuika diripi ya madzi amchere mitsempha imadzaza ndithu, koma mapuloteni otsalawo amasukuluka, thupi limazizira, asidi amachuluka, magazi n'kumangochucha. Madokotala a ku London anasonyeza mu 2003 kuti pa anthu anayi ovulala kwambiri, mmodzi amafika kuchipatala magazi ake atayamba kale kukanika kuundana.

Plasma amabwezera mapuloteniwo, koma ndi wovuta kusunga. Akangomulekanitsa ndi maselo amamuthamangitsira mufiriza, ndipo amakhala pa madigiri 18 pansi pa ziro kapena kuzizira kuposa apo. Akafunika amamusungunula m'madzi ofunda a madigiri 37 kwa mphindi 20 mpaka 30, ndipo matumba ena amang'aluka chifukwa pulasitiki akazizira chonchi sachedwa kusweka. Kwa munthu amene magazi akutuluka mothamanga, theka la ola ndi lalitali. Kumene kulibe firiza yodalirika, plasma safikako n'komwe. Chonsecho pa magawo 100 a plasma, oposa 90 ndi madzi chabe. Timavutika kuziziritsa ndi kunyamula madzi, pomwe chofunikacho ndi mapuloteni a magalamu pafupifupi 7 pa mamililita 100 alionse.

Tisanayatse makina ndawerenganso zofufuza zomwe aliyense wa ntchito ino amazitchula. Cha PAMPer cha ku United States, chomwe chinatuluka mu 2018, chinatsata ovulala 501 onyamulidwa pa helikopita. Mwa olandira plasma panjira, 23 pa 100 alionse anamwalira masiku 30 asanathe, pomwe mwa osalandira anamwalira 33 pa 100. Chaka chomwecho cha COMBAT cha ku Denver, komwe ambulansi imafika kuchipatala mphindi zochepa, sichinapeze kusiyana. Ataphatikiza ziwirizi anaona kuti phindu limaonekera pomwe ulendo wapitirira mphindi 20. Chachitatu, cha RePHILL cha ku Britain mu 2022, chinapereka maselo ofiira ndi plasma wa ufa kwa ovulala asanafike kuchipatala, ndipo pa anthu 432 sichinapeze kuti apambana olandira madzi amchere. Chimenechi sitiyenera kuchibisa chifukwa choti sichikukomera ntchito yathu. Chomwe ine ndikutolapo n'chakuti plasma wa ufa ndi mankhwala a mtunda wautali. Mumzinda wa zipatala zapafupi angathandize pang'ono. Kumene wodwala amayenda maola awiri pamsewu wafumbi ndi komwe akufunika kuyesedwa mokwanira.

Malichi

Plasma wa ufa si wachilendo. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse asilikali a America ndi Britain ankanyamula mabotolo awiriawiri, lina la ufa lina la madzi, ndipo anthu ambirimbiri anapulumuka nawo. Chinaononga zinthu n'chakuti ankaphatikiza plasma wa anthu ambiri pamodzi, pa nthawi imene kunalibe njira yoyezera tizilombo ta matenda a chiwindi. Wopereka mmodzi wodwala ankaipitsa zonse. Pa nkhondo ya ku Korea asilikali ambiri olandira plasma anadwala chikasu, ndipo mu 1968 America inamusiya plasma wophatikizayu. Asilikali a France anamusiya kwa kanthawi, kenako anayambiranso kumupanga. Malo awo opangira magazi a ku Clamart akupanga wotetezeka kuyambira 1994, ndipo mu 2018 bungwe la America loona za mankhwala la FDA linalola kuti asilikali a America azimugwiritsa ntchito. Ku Germany a Red Cross amapanga LyoPlas kuchokera kwa wopereka mmodzi botolo lililonse. Kuno ku South Africa, mtunda wochepa kuchokera pomwe ndakhala, a National Bioproducts Institute a ku Pinetown akhala akupanga Bioplasma FDP kuyambira m'ma 1990, ndipo madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono za muno amamudziwa bwino.

Onsewa amaumitsidwa mozizira. Amamuunditsa kaye, kenako n'kuchotsa mpweya m'makina kuti madzi oundanawo achoke ngati nthunzi osasungunuka. Njirayi imasunga bwino mapuloteni, koma imatenga masiku, imafuna fakitale yeniyeni, ndipo nthawi zambiri imathera m'mabotolo agalasi. Kupopera kumatenga mphindi. Kampani ya Velico Medical ya ku Massachusetts, mothandizidwa ndi bungwe la boma la America la BARDA, ikupanga makina oti aziikidwa m'malo osungira magazi momwemo n'kumaumitsa thumba limodzilimodzi mu nthawi ya pafupifupi theka la ola, ndipo anamuyesapo kale pa anthu athanzi omwe ankalandira plasma wawo womwe. Ganizo loti ufa uzipangidwa pomwe magazi aperekedwa ndi lomwe linandikoka ine ku ntchitoyi.

Makina athu ndi a patebulo, agalasi, moti zonse zochitika mkati zimaoneka. Kapampu kamakoka plasma pang'onopang'ono kupita pakamlomo kopopera, pomwe mpweya wothinikizidwa umamuphwanya kukhala nkhungu. Nkhunguyo imagwera mubotolo lalikulu momwe mukudutsa mpweya wotentha, ndipo kadontho kalikonse kamauma m'kanthawi kosakwana sekondi. Ufa umatengedwa ndi mpweya kulowa mugalasi lina losongoka kunsi lotchedwa cyclone, momwe mpweya umazungulira mwamphamvu n'kuuponyera m'mbali, iwo n'kutsetserekera mukabotolo kolandirira.

Aliyense wobwera kudzaona amafunsa chimodzimodzi: mpweya wopitirira madigiri 100, mapuloteni sapsa? Sapsa, bola kadontho kakadali ndi madzi. Nthunzi ikamachoka imatenga kutentha, moti kadonthoko kamakhala kozizira kwambiri poyerekeza ndi mpweya wokazungulira. Ngozi imayamba madzi akatha, ufa ukatsala wokha. Ndiye chifukwa chake maso athu sakhala pa mpweya wolowa koma pa wotuluka, womwe timaugwira cha m'ma madigiri 60.

Tayamba ndi plasma wa ng'ombe wochokera kophera nyama, kuti tisaononge wa anthu pophunzira makina. Opanga zakudya za ziweto akhala akupopera plasma wa ng'ombe ndi nkhumba kwa zaka zambiri, n'kumasakaniza m'chakudya cha tiana tankhumba tosiya kuyamwa. Koma iwo amatenthetsa dala mpaka madigiri 80 kuti aphe tizilombo, ndipo zoti ufawo uunditse magazi alibe nazo ntchito. Makina ndi amodzimodzi, cholinga ndi china.

Chotivuta mwezi uno ndi chinyezi. Durban nthawi ino mpweya umakhala wonyowa, ndipo makinawa amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo. Ufa woyamba unamatirira pagalasi, wonanda, wosafika n'komwe mukabotolo. Mnzanga waika makina oyamwa chinyezi kutsogolo kwa polowera mpweya, ndipo kabotolo kolandirira timakatsegulira m'thumba lotsekeka la mpweya wouma. Tsopano ufa ukutuluka woyera mopita kuchikasu, wopepuka kwambiri. Umathawa supuni n'kumamata pa magolovesi chifukwa cha mphamvu ya magetsi yomwe umatola pokhulana ndi galasi. Mukausiya poyera kanthawi pang'ono, umayamwa chinyezi n'kuyamba kugwirana muli kuyang'ana.

Epulo

Talowa pa plasma wa anthu. Thumba limodzi la mamililita cha m'ma 250 lili ndi zouma zokwana magalamu pafupifupi 20, ndipo si zonse zomwe zimafika mukabotolo, zina zimatsalira pagalasi.

Titausungunula ufa woyamba, pH, muyezo womwe umakwera asidi akachepa, inali itakwera kupitirira 8, pomwe ya magazi a munthu imakhala pakati pa 7.35 ndi 7.45. Izi tinkaziyembekezera. Mu plasma muli mpweya wa carbon dioxide wosungunuka, ndipo ndi umene umathandiza kugwira pH. Popopera mpweyawo umauluka limodzi ndi nthunzi, plasma n'kutsala wopanda asidi wokwanira. Mapuloteni ena ounditsa magazi, makamaka factor V ndi factor VIII, sagwirizana ndi zimenezi, ndipo amafooka msanga akasungidwa chotero.

Pali njira ziwiri: kuika asidi m'madzi osungunulira, kapena kumuika mu plasma asanapopedwe. Yoyambayo imakonza pH pa nthawi yoika wodwala, koma ufa umakhala utagona miyezi yonse m'thumba uli wolakwika. Imafunanso madzi apadera, kusiya madzi wamba a jakisoni omwe chipatala chilichonse chimawadziwa. Tasankha yachiwiri. Ofufuza a ku Velico anafalitsa mu 2019 njira yothira mankhwala a glycine ndi asidi wa hydrochloric plasma asanalowe m'makina, ndipo ife tikuyerekeza imeneyo ndi ya asidi wa citric. Pothira pamafunika kudekha. Asidi akagwera malo amodzi mochuluka, mapuloteni a pamenepo amagwirana n'kupanga timiyala toyera tomwe sitisungunukanso, ndiye timadontheza pang'onopang'ono kwinaku tikutakasa.

Tili ndi makina oyezera PT ndi aPTT, mayeso a nthawi yomwe plasma amatenga kuti aundane, komanso fibrinogen, puloteni yomwe imasanduka ulusi wounditsa magazi, koma kuyeza komwe ndimakukonda n'kwakale, kwa m'manja. Plasma wa m'thumba saundana chifukwa mankhwala a citrate amene amathiridwa popereka magazi amagwira calcium. Ndiye mumatenga ufa wosungunula pang'ono m'kachubu kagalasi, n'kukaika m'madzi a madigiri 37, n'kudonthezamo calcium. Mumakapendeketsa, madzi akuyenda. Mumadikira, n'kupendeketsanso, akuyendabe koma mwaulesi. Kenako pamafika pomwe mumatembenuza kachubu chadodolido ndipo palibe chotsika, zonse zagwirana kukhala chinthu chimodzi chotuwa chonjenjemera. Tsiku loyamba kuona zimenezi pa ufa wathu ndinaitana a pulofesa kuti adzaone okha. Anakatembenuza kachubuko, anamwetulira, kenako anafunsa za puloteni ya von Willebrand.

Meyi

Funso lawo lija latidyera mwezi wonse, ndipo m'pake.

Kachubu kogwirana kamangotiuza kuti fibrinogen ndi mapuloteni omudzutsa akadali moyo. Fibrinogen ndi wolimba ndithu, wapirira bwino makina athu, ndipo PT ndi aPTT zatalika pang'ono chabe. Koma mayeso onsewa saona puloteni ya von Willebrand. Dzinali ndi la dokotala wa ku Finland, Erik von Willebrand, amene mu 1926 anafotokoza za banja lina la pa zilumba za Åland lomwe ana ake ankataya magazi mosalekeza. Puloteni imeneyi ndi yaikulu kuposa ina iliyonse mu plasma. Imakhala ngati chingwe chachitali cha tizidutswa tolumikizana, chopindika pamene magazi akuyenda bwino. Mtsempha ukang'ambika, chingwecho chimatambasuka, chimamata pabala, n'kuyamba kukola ma platelet, timaselo tija timatseka bala poyambirira. Zingwe zazitali kwambiri ndi zomwe zimagwira ntchito kwambiri. Puloteni yomweyi imanyamulanso factor VIII n'kumamuteteza kuti asaonongeke msanga.

Chomwe chimatambasula chingwechi ndi kukokeka kwa madzi othamanga, ndipo chikatambasuka sichichedwa kuduka. Madokotala a mtima amazidziwa. Odwala amene valavu ya mtima yapanikizika, kapena amene anaikidwa pampu yothandiza mtima, amataya zingwe zazitalizi ndipo amatuluka magazi m'matumbo. Tsono taganizani kamlomo kathu kopopera, komwe ntchito yake ndi kung'amba madzi ndi mpweya wothamanga kwambiri. Titayeza mphamvu ya puloteniyi ndi mankhwala otchedwa ristocetin, inali itatsika kwambiri. Pa gel yosonyeza kutalika kwa zingwe, mizere ya pamwamba, ya zazitali, inali itazimiririka. Kuchuluka kwa puloteni kunali komweko, koma inali yoduladula. Chinaiwononga si kutentha ayi. Tinapopera plasma osayatsa chotenthetsera n'kulandira nkhunguyo ili yamadzi, ndipo zingwe zinali zitaduka kale.

Apa tasiyana maganizo ndi mnzanga, ndipo ndilembe mbali yake mwachilungamo. Tikachepetsa mphamvu ya mpweya wopopera, zingwe zimapulumuka. Koma timadontho timakula, timachedwa kuuma, tambiri timakamenya galasi tikadali tonyowa, ufa wofika mukabotolo umachepa ndipo umakhala ndi chinyezi chambiri. Iye akuti ufa wotsalira pagalasi nawonso ndi mapuloteni otayika: fibrinogen amene sanafike m'thumba sathandiza wodwala, ngakhale zingwe zikhale zazitali bwanji. Akutinso plasma wina amene akugwiritsidwa kale ntchito m'zipatala, wotsukidwa ndi mankhwala opha mavairasi, naye alibe zingwe zazitali kwambiri koma amapulumutsa anthu. Ndipo n'zoona kuti palibe njira youmitsira yosataya kanthu. Ngakhale wa ku France uja factor V ndi factor VIII amatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu.

Zonsezi ndikuzivomereza, komabe ndikuima pa zingwe. Asilikali amene plasma wa ufa anayambira kwa iwo amathamangitsidwa kuchipatala komwe kuli magazi athunthu ndi ma platelet. Wodwala amene ine ndikumuganizira ali pachipatala chaching'ono komwe ma platelet, omwe amasungika masiku osapitirira 5 kapena 7, sadzafikako. Adzadalira ake otsala m'thupi, ndipo amenewo amafuna chowamatira pabala. Ufa ukachepa tingachepetse madzi osungunulira kuti mphamvu ifanane, kapena kupereka matumba awiri. Chingwe chikaduka palibe chochilumikizanso. Kukhala ndi ufa wambiri woyera bwino n'kosavuta, makina alionse a mkaka angachite. Ntchito yathu ndi yoti chosungunukacho chikhale plasma.

A pulofesa agamula kuti tisasankhe ndi pakamwa. Tikuyenda ndi mphamvu zosiyanasiyana za mpweya wopopera, ndipo pa iliyonse tikuyeza zinthu zitatu pamodzi: ufa wopezeka, chinyezi chake ndi zingwe. Chosangalatsa n'chakuti plasma wothiridwa asidi ndi glycine akuteteza zingwe bwino kuposa wosathira, monga momwe ofufuza aja anafotokozera. Zikuoneka kuti malo apakati alipo, ndipo ndi opapatiza.

Juni, kumayambiriro

Sabata ino makina aima. Kamlomo kanatsekeka pakati pa ntchito chifukwa cha timitsitsi ta mapuloteni tomwe timapangika plasma akasungunulidwa mozizira kwambiri. Tsopano timamusungunula pa madigiri 37 mpaka atheretu, n'kumusefa asanalowe mupampu. Nyengo yozizira yafika, mpweya wauma, ufa ukutsika mukabotolo mosavuta.

Juni, kumapeto

Tayamba kuyesa kasungunulidwe. Mukathira madzi onse nthawi imodzi pamwamba pa ufa, kunja kumanyowa mkati muli mouma, n'kupanga mibulu ngati ya munsima yothiridwa ufa mopupuluma. Mukakhutchumula mwamphamvu kuti mibulu ithe, pamabwera thovu lambiri, ndipo thovu limaononga mapuloteni komanso limabisa ngati zasungunuka. Chikugwira ntchito ndi kumwaza ufa kaye, kuthira madzi cham'mbali, n'kumazunguliza mofatsa. Ufa wopopera uli ndi mwayi pamenepa, chifukwa timibulu take n'tating'ono kwambiri ndipo umasungunuka mphindi zochepa.

Achemwali anga ndi azamba pachipatala china cha boma kumudzi. Ndinawatumizira kavidiyo ka botolo likusungunuka, ndipo usiku womwewo anaimba. Sanafunse za mapuloteni. "Achimwene, madzi osungunulirawo abwera nawo limodzi kapena ndikafunefune ndekha?" Anafunsanso ngati ufawo ndi wa gulu lililonse la magazi, chifukwa mayi akamataya magazi pakati pa usiku palibe nthawi yodikira wa ku labu. Anafunsa ngati ndi botolo lagalasi, poti m'ambulansi yodumpha m'maenje galasi silikhalitsa, komanso ngati munthu angadziwe kuti zasungunuka akuunikira ndi tochi ya foni. Pomaliza anati, "Musatipatse chinthu chofuna manja anayi. Usiku ndimakhala ndekha."

Mafunso amenewa ndawalemba pakhoma la labotale. La madzi ndi losavuta, thumba la ufa ndi la madzi a jakisoni oyezeratu ziyenera kukhala m'paketi imodzi pamodzi ndi chubu cholumikizira. La gulu ndi lovuta. Pa plasma, wopatsidwa aliyense ndi wa gulu AB, osati O monga zilili pa maselo ofiira, ndipo anthu a AB ndi ochepa, osakwana 5 pa 100 m'mayiko ambiri. Malo ambiri osamalira ovulala tsopano amagwiritsa ntchito wa gulu A amene mphamvu yake yolimbana ndi B ndi yochepa. Wa ku France ndi wa ku Pinetown amaphatikiza magulu kuti akhale wa aliyense, zomwe thumba la wopereka mmodzi silingachite. Apa njira yathu ili ndi chofooka chenicheni, ndipo yankho lake lili pa kasankhidwe ka opereka magazi, osati pa makina.

Achemwali anandikumbutsanso chinthu chomwe aliyense wowerenga izi ayenera kumva. Plasma sanyamula mpweya wa oxygen. Mayi wotaya magazi atachira amafuna kaye kuti chiberekero chisisitidwe, alandire oxytocin wolimbitsa chiberekero, alandire tranexamic acid wochepetsa kutuluka kwa magazi maola atatu asanathe, chong'ambika chisokedwe, ndipo akataya ambiri amafuna maselo ofiira. Bungwe la WHO limati amayi pafupifupi 14 miliyoni amataya magazi chonchi chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 70,000 amamwalira. Ufa wathu, ukadzatheka, udzakhala wothandiza kuti mayi afike komwe kuli fiyeta ndi magazi akadali ndi mphamvu younditsa. Sudzalowa m'malo mwa opereka magazi, chifukwa thumba lililonse la ufa limachokera pa mkono wa munthu. Ku Malawi bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, limatolera ndi kuyeza magazi kudzera m'malo ake a ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka. Malo ngati amenewa, komwe magazi amalekanitsidwa kale, ndi omwe makina oumitsa thumba limodzilimodzi angakhalemo tsiku lina. M'mayiko ambiri osauka plasma wochuluka amangotayidwa akachotsa maselo ofiira, chifukwa chosowa pomusunga ndi pomugwiritsa ntchito. Zimenezi zimandipweteka kuposa china chilichonse pa nkhaniyi.

Julayi

Ndilembe za ukhondo mosapita m'mbali, chifukwa ena akhala akufunsa ngati kutentha kwa makina kumapha tizilombo. Pa madigiri omwe timagwiritsa ntchito, ayi. Chomwe chimateteza mapuloteni chimatetezanso mavairasi. Chitetezo cha plasma wopopera chili pa kusankha bwino opereka ndi kuyeza HIV, matenda a chiwindi a B ndi C, ndi chindoko, monga zimakhalira ndi thumba lililonse la magazi. Malo ambiri amatenganso plasma wa amuna kapena wa amayi amene sanakhalepo ndi pakati, pofuna kupewa vuto la mapapo lomwe nthawi zina limadza munthu akalandira plasma. Makina athu agalasi amatsegulidwa, kutsukidwa ndi kulumikizidwanso ndi manja, choncho sangapange chinthu choika munthu. Makina a kuchipatala amafuna mpweya wosefedwa ndi njira yotsekeka yogwiritsa ntchito kamodzi, momwe plasma amalowa, kuuma ndi kutsekeredwa osakhudzana ndi mpweya wa m'chipinda kapena ndi plasma wa munthu wina. Zomwe ife tikupeza ndi miyezo yomwe makina otero angadzagwiritse ntchito.

Gawo la kasungidwe layamba. Ufa tautsekera m'matumba a aluminiyamu okhala ndi kapaketi koyamwa chinyezi, ndipo tawagawa patatu: ena mufiriji pa madigiri 4, ena pa 25, ena m'kabati yotentha pa 40. Tisanatseke timayeza chinyezi ndi njira ya Karl Fischer, ndipo tikufuna chikhale pansi pa 2 pa 100. Chikapitirira apo, mapuloteni amayamba kusuntha ndi kugwirana ngakhale ufa ukuoneka wouma.

Madigiri 40 ndinaumirira ndine. Mapepala a mankhwala akamanena za kutentha kwa m'chipinda amatanthauza madigiri osapitirira 25. LyoPlas amaloledwa miyezi 15 pakati pa madigiri 2 ndi 25, wa ku France zaka ziwiri. Koma ku Nsanje ndi ku Chikwawa mwezi wa Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira 40, ndipo m'ambulansi yoima padzuwa ndiye kuposa apo. Matumba oyamba omwe tatsegula a m'kabati yotentha ayamba kale kusintha. Ufa wada pang'ono mopita kubulawuni, wagwirana m'makona, ndipo ukuchedwa kusungunuka. Chochititsa ndi shuga. Mankhwala oletsa kuundana a m'thumba loperekera magazi ali ndi dextrose, ndipo pakatentha shugayo amamatirira ku mapuloteni. Fibrinogen ndi factor VIII a m'matumba amenewa atsika kuposa a pa 25. A mufiriji sanasinthe.

Tanthauzo lake n'lakuti plasma wa ufa adzafunabe pozizira kuti akhalitse. Kusiyana kwake n'kwakuti firiji wamba, yonga ya katemera yomwe zipatala zazing'ono zili nayo kale, ndi yokwanira, ndipo magetsi akazima maola angapo kapena thumba likayenda tsiku lonse m'bokosi lozizira, silionongeka monga limachitira la mufiriza likasungunuka. Chomwe tikufuna kupeza tsopano ndi kutalika kwa nthawi yomwe lingapirire kunja kwa firiji, chifukwa nambala imeneyo ndi yomwe namwino angagwiritse ntchito posankha kulitaya kapena kulibwezera.

Mwezi wamawa titsegula gulu lachiwiri la matumba onse atatu. Tiyesanso plasma wotengedwa ndi makina a apheresis, otenga plasma yekha pa mkono wa wopereka, wa citrate yekha, wopanda dextrose, kuti tione ngati kudako kuchepe. Mnzanga akusula kamlomo kena kokulirapo pang'ono koti kazipopera ndi mpweya wochepa, ndipo a pulofesa apempha nthawi pa makina a thromboelastography a kuchipatala chophunzitsira, kuti tione kulimba kwa chogwirana tikasakaniza ufa wosungunula ndi maselo ofiira ndi ma platelet. Ine ndikukonza paketi yoyeserera ya thumba la ufa wa mkaka ndi la madzi, yomwe anamwino ophunzira adzayese kulumikiza ndi kusungunula aliyense payekha, m'chipinda chozimitsa magetsi, ndi tochi ya foni.